CHIPATALA NDI ANTHU OGONTHA: MBIRI YA KU MAPIRI A DOWA NDI NTCHISI

M'Chichewa muli mneni mmodzi amene amasenza katundu wolemera kuposa anzake, ndiye "kumva". Timamva ndi khutu, timamva ululu m'thupi, timamva nkhani ikalongosoledwa bwino, ndiponso mwana wolemekeza makolo timati ndi wakumva. Tsono munthu amene makutu ake sagwira mau timamutcha "wosamva", dzina lomwe timapatsanso mwana wamwano ndi mbuzi yolowa m'munda mwa eni. Akuluakulu akamati wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu sanena za makutu, amanena za khalidwe. Koma popeza liu ndi limodzi, mnyozo wa wamwano umagweranso iye amene adangodwala makutu. Chifukwa cha ichi m'nkhani muno tigwiritsa ntchito mau akuti "wogontha", ndipo lija lakuti "gonthi" tilisiya kwa otukwana.

Chipatala nachonso chidamangidwa pa mneni yemweyu. Dzina la wodwala limaitanidwa pakhomo, ndipo iye ayenera kulimva. Akalowa, funso loyamba la dokotala ndi lakuti, "Mukumva bwanji?" Amene sadamve funsolo sapeza mpata wonena chimene akumva m'thupi. Tifuna tsono kutsata mbiri ya vuto limeneli m'maboma awiri oyandikana, Dowa ndi Ntchisi, kuyambira pamene mankhwala a Chizungu adafika m'mapiri amenewa kufikira masiku ano, kuti tione kumene njira idasokonekera ndi kumene ingakonzedwe.

CHIPATALA CHISADAFIKE

Dziko la Msakambewa, Dzoole, Kayembe, Chakhaza, Kalumo, Kasakula ndi Nthondo ndi la zitunda ndi zigwa, la midzi ya abale okhala pamodzi pa mbumba. M'mudzi wotere mwana wogontha ankakula pakati pa anthu omudziwa chibadwire. Iye ndi amayi ake, alongo ake ndi anzake oweta nawo mbuzi ankapangana zizindikiro zawo za manja: cha njala, cha madzi, cha mvula, cha agogo, cha njoka. Ntchito za kumudzi, monga kulima, kusinja, kuluka nkhokwe ndi kuumba mbiya, zimaphunziridwa ndi maso, motero wogontha sankatsalira pa khasu. Akadwala, sing'anga amene ankaitanidwa adali wa m'dera lomwelo, ndipo odwazika matenda ndiwo ankamulankhulira.

Tisakometse zakale mopitirira. Zizindikiro zimenezi zidali za nyumba imodzi, ndipo munthu akaoloka mtsinje kupita mudzi wina zidalibe ntchito. Milandu ya pabwalo, malangizo a anamkungwi ndi nthano za madzulo zonse zidali za pakamwa, ndipo wogontha ankangoona milomo ikugwedezeka. Kugontha kwa mwana kawirikawiri ankakuika pa ufiti kapena pa mwambo umene makolo adalakwira. Komabe chinthu chimodzi chidalipo chimene chidatayika pambuyo pake: wochiritsa ndi wodwala adali ndi nthawi, ndipo pakati pawo pankakhala munthu wodziwa zizindikiro za wodwalayo.

MVERA, 1889

M'chaka cha 1889 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adamanga mishoni m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Malowo dzina lake ndi Mvera, ndipo wodziwa Chichewa aona yekha kuti tsinde la dzinali ndi mneni wathu uja. Mu 1894 adatsegula mishoni ina ku Kongwe, mu 1896 ku Nkhoma, ndipo pambuyo pake mbali ya Ntchisi idakhala ndi Chinthembwe. Amishoni adadza ndi zinthu zitatu zoyendera pamodzi: ulaliki, sukulu ndi mankhwala. Chipatala chachikulu cha mishoniyi chidakhazikika ku Nkhoma mu 1915. Zonse zitatuzi zidadalira khutu. Belu ndilo linkaitana anthu, kalasi linkaloweza pobwereza mau a mphunzitsi, ndipo wopereka mankhwala ankafunsa ndi kulangiza pakamwa.

Sikuti mpingowu sudadziwe kuti ogontha angaphunzire. Mu 1881, zaka zisanu ndi zitatu Mvera asadamangidwe, mpingo womwewu udatsegula sukulu ya ana ogontha ndi akhungu ku Worcester, kwawo ku Cape, yolandira ana a Azungu. Koma nzeru imeneyi idachedwa kuoloka Zambezi, ndipo itaoloka idayamba ndi akhungu. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed adayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, koma sukulu ya ogontha pamalo omwewo idadza mu 1955, mwa khama la mayi Ella Botes. Kuno kwathu masukulu a akhungu adayamba m'zaka za m'ma 1950 ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Wakhungu amamva ulaliki, amaimba m'kwaya, ndipo atha kukhala mlaliki iye mwini. Wogontha adafunika njira ina yonse, ndipo njirayo idali itatsekedwa kale ku Ulaya.

Adaitseka mu 1880 mumzinda wa Milan, ku Italy. Kumeneko aphunzitsi a ana ogontha, pafupifupi onse anthu akumva, adapangana pamsonkhano kuti mwana wogontha aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo, ndipo manja aleke. Chigamulo chimenechi chidalamulira masukulu a maiko ambiri kwa zaka pafupifupi 100. Tsono pamene abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC, ochokera ku Netherlands, adayamba maphunziro a ana ogontha ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 1968, njira imene adadza nayo idali ya pakamwa yomweyo. Ntchito yawo idali yaikulu ndipo adatsegula khomo limene padalibe wina adalitsegula. Koma tikumbukire kuti 1968 ndi chaka chomwe msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko lonse. M'chaka chimene chiyankhulo chimodzi chidalandira ulemu wa boma, ana ogontha adayamba sukulu imene siidawerengere manja awo ngati chiyankhulo.

Ana okhawo ndiwo adachita chimene aphunzitsi sadafune. Atasonkhanitsidwa m'nyumba zogona, aliyense ndi zizindikiro za kwawo, adayamba kubwerekana ndi kupangana zatsopano pamasewera ndi usiku. Umu ndi mmene ziyankhulo za manja zakulira m'maiko ambiri, ndipo cha kwathu chidakulanso motero. Masukulu ena adatsatira: Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Pa masukulu ogonera odziwikawa palibe imene ili ku Dowa kapena ku Ntchisi. Mwana wa kwa Chikho amene makolo ake adalibe ndalama ya ulendo wa ku Mua kapena ku Nguludi adakula ndi zizindikiro za pakhomo zokha, wosadziwa kulemba ndiponso wosadziwa chiyankhulo cha ogontha anzake. Ameneyu ndiye wodwala amene chipatala cha m'mapiri chidalandira.

MATENDA NDI MANKHWALA OGONTHETSA

Boma lodzilamulira lidakhudza nkhani ya olumala mu 1971, pamene lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Handicapped Persons Act, limene lidabala bungwe la MACOHA. Mtima wa lamulo limeneli udali wa chifundo ndi wophunzitsa ntchito za manja monga kuluka ndi kusoka. Za mmene wogontha angalankhulire ndi dokotala sizidali m'maganizo a nthawi imeneyo. Zipatala zidachuluka ndithu. Ku Dowa kuli chipatala cha boma paboma, china ku Mponela, za mishoni ku Madisi ndi ku Mtengowanthenga. Ku Ntchisi, kumene kale kunkatchedwa Visanza, kuli chipatala cha paboma ndi zing'onozing'ono monga Malomo, Khuwi ndi Nthondo. Mu 1977 chipatala cha Kamuzu Central chidatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo matenda ovuta a maboma awiriwa ankatumizidwa kumeneko. Nyumba zidakula, mizere idatalika, ndipo nthawi ya dokotala pa wodwala mmodzi idafupika.

Ogontha ambiri a kwathu sadabadwe ogontha. Matenda oumitsa khosi amaononga mkati mwenimweni mwa khutu, ndipo mwana wochira amatha kudzuka ali wosamvanso. Chikuku, matsagwidi ndi malungo a mu ubongo amachita zofananako. Mayi akadwala rubella ali ndi pakati pa miyezi yoyamba, mwana atha kubadwa wogontha. Koma mdani wofala koposa ndi amene timamupeputsa, ndiye mafinya a m'khutu. Mwana amatuluka mafinya miyezi ndi miyezi, makolo amangopukuta ndi kansalu kapena kuthira madzi a zitsamba, ndipo nembanemba ya m'khutu imabooka. Kafukufuku wa ku Chikwawa wofalitsidwa mu 2017 adapeza nthenda imeneyi mwa ana oposa 5 pa 100 alionse a zaka 4 mpaka 6, pamene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwerengero chikangopitirira 4 pa 100 ndiye kuti vutolo ndi lalikulu lofunika changu.

Chowawa kunena ndi chakuti mankhwala ena opulumutsa moyo adagonthetsanso anthu. Achikulire akumbuka kwinini, mmene ankalizira makutu, ngakhale kuti kwa ambiri kumva kunkabwerera akaleka kumwa. Jakisoni wa streptomycin, kanamycin ndi gentamicin ndi wina, pakuti akaononga khutu saliwezanso. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 odwala chifuwa chachikulu ambiri ankagonekedwa miyezi iwiri akubayidwa streptomycin tsiku ndi tsiku. Madokotala adalibe pothawira, popeza imfa idali pakhomo, koma ena mwa ochirawo adabwerera kumudzi makutu atapita, ndipo padalibe woyeza kumva kwawo.

Mbali iyi ya mbiri ili ndi zokondweretsa. Ndondomeko ya katemera wa ana idakhazikika mu 1979, ndipo alangizi a zaumoyo, amene ntchito yawo idachokera kwa otemera nthomba a m'ma 1960 ndi othandiza pa kolera wa 1973, adaifikitsa m'midzi yakutali ndi msewu. Mu 2002 ndi mu 2011 mudalowa akatemera olimbana ndi tizilombo tiwiri toyambitsa matenda oumitsa khosi ndi chibayo, ndipo mu 2017 katemera wa chikuku adaphatikizidwa ndi wa rubella. Mu Epulo 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, ndipo Ntchisi idali pakati pa maboma 11 oyambirira. Amene ankapereka akatemerawa ankawerenga imfa zimene zapewedwa, koma adapulumutsanso makutu ambiri osadziwa. WHO idanena mu 2021 kuti pa ana 10 alionse a vuto la kumva, pafupifupi 6 vutolo likadapeweka.

UTHENGA UMENE SUDAFIKE

Kupewa kugontha ndi nkhani ina, kuthandiza wogontha amene wadwala ndi nkhani inanso. Apa ndi pamene mbiri yathu ili yosauka. Kuyambira 1964 chida chachikulu cha boma pophunzitsa zaumoyo chidali wailesi ya MBC. Ku Dowa ndi ku Ntchisi, monga kwina konse, anthu adaphunzira za thanzi la madzi a mchere ndi shuga, za kulera ndi za kuwiritsa madzi kudzera m'nyimbo, m'masewero ndi m'zolengeza za pa wailesi. Wogontha ankakhala pakhonde lomwelo osatolapo kanthu. Kanema wa boma adadza mu 1999, koma m'midzi yopanda magetsi adali nkhani ya kutauni.

Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, kusiyana kumeneku kudasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Nthenda imeneyi njira yake yoipewera idali kudziwa, ndipo kudziwako kudayenda m'mau: pa wailesi, pa guwa, pa maliro, pa chimkuza mau cha galimoto. Kenaka kudadza kuyezetsa magazi, kumene maziko ake ndi uphungu wa anthu awiri m'chipinda chotseka. Tsono wogontha alowa ndi yani? Akalowa yekha, samvana ndi phungu. Akalowa ndi mlongo wake, apongozi ake kapena mwana wake kuti amasulire, chinsinsi chatha asadatuluke. Akuluakulu adati wobisa matenda maliro adzamuulula, koma munthu sangaulule za kuchipinda pamaso pa mwana wake wa zaka khumi. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, vuto lidasamukira ku kamwedwe kake, pakuti mankhwalawa safuna kudumphitsa, ndipo chifukwa chosadumphitsira chiyenera kulongosoledwa.

Za uchembere zidayenda chimodzimodzi. Mu 2007 boma lidaletsa azamba kuchiritsa amayi m'midzi, ndipo ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ndi azaumoyo adapitiriza kulimbikitsa amayi kukachirira kuchipatala. Pofika pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ana 91 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Ichi chidapulumutsa amayi ambiri ndipo sitichitsutsa. Koma taganizirani mayi wogontha. Mzamba wa m'mudzi adamudziwa kuyambira ali mtsikana ndipo adadziwa zizindikiro zake. Kuchipinda chochirira akumana ndi namwino wachilendo, wotopa, woyang'anira amayi angapo nthawi imodzi, amene malangizo ake onse ndi a pakamwa, nthawi zina ali chozondoka kapena usiku nyali ili yochepa. Mayiyo akapanda kuchita zimene wauzidwa, mneni wathu uja amabwerera ndi tanthauzo lake loipa: akuti ndi wosamva.

Ambiri amaganiza kuti njira zapafupi zilipo, ndipo amatchula ziwiri. Yoyamba ndi kuwerenga milomo. Koma tayesani kuima pa galasi ndi kunena "kupala" ndi "kubala", kapena "mawa" ndi "m'mawa", muone ngati milomo isiyanitsa. Wouzidwa kuti amwe m'mawa atha kumwa mawa. Chichewa chimasiyanitsanso mau ndi kukweza kapena kutsitsa liu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo izi siziona ndi maso. Njira yachiwiri ndi kulemberana pa pepala. Iyi imathandiza amene adapita kusukulu, koma kwa wobadwa wogontha Chichewa cholembedwa ndi chiyankhulo chachiwiri chimene sadachimvepo, ndipo m'buku lake la kuchipatala dokotala amalemba Chingerezi chachidule chimene ngakhale ife a pa koleji timalephera kuwerenga.

Nzeru zatsopano nazo zidatsata khutu. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayamba ku Balaka mu 2011 ndi kufalikira dziko lonse, chidafupikitsa mtunda kwa anthu a m'midzi, koma mtima wake ndi kuimba ndi kulankhula. Covid-19 atafika mu Epulo 2020, aliyense adavala chophimba pakamwa, ndipo ngakhale pang'ono paja wogontha ankatola pa milomo ndi pa nkhope padatsekeka.

OGONTHA ADZILANKHULIRA OKHA

Kusintha kudayambira kunja kwa chipatala. Mu 1960 William Stokoe wa ku Gallaudet, ku America, adaonetsa kuti kulankhula ndi manja ndi chiyankhulo chenicheni, chokhala ndi malamulo akeake, osati kungolozaloza. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene dziko linkatsegula pakamwa pa ndale, ogontha amene adaphunzira ku Montfort ndi kwina adapanga bungwe lawo la Malawi National Association of the Deaf, lodziwika kuti MANAD. Malamulo aakulu a dziko a 1994 adaletsa tsankho la pa chifukwa cha ulumali. Mu 1999 mabungwe a olumala adagwirizana pansi pa FEDOMA. Mu 2009 Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene ndime yake ya 25 imanena kuti olumala alandire chithandizo cha kuchipatala chofanana ndi cha ena, ndiponso kuti asachitidwe kanthu asadalongosoleredwe ndi kuvomera. Mu 2010 msonkhano wa aphunzitsi a ogontha ku Vancouver udakana poyera chigamulo cha ku Milan chija, patapita zaka 130.

Nyumba ya Malamulo idapanga Disability Act mu 2012, ndipo mu 2024 lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act lidalowa m'malo mwa ilo ndi lija la 1971, MACOHA nkusanduka MACODA. Mu 2021 MANAD, mothandizidwa ndi bungwe la ogontha la ku Finland, idatulutsa buku loyamba lotanthauzira mau a chiyankhulo cha manja cha Malawi. Pa nthawi ya Covid-19 anthu ambiri adazolowera kuona womasulira pa kona ya kanema pamene nduna zinkalengeza za mliri. Anzathu ena adapita patsogolo kuposa pamenepa. Uganda idatchula chiyankhulo cha manja m'malamulo ake aakulu mu 1995, South Africa idachiika kukhala chiyankhulo cha boma cha nambala 12 mu 2023, ndipo malamulo a Zimbabwe a 2013 ali ndi mndandanda wa ziyankhulo 16 umene Chichewa ndi chiyankhulo cha manja zili pamodzi.

Za makutu enieniwo zidayambanso kuyenda. Dokotala Wakisa Mulwafu adayamba ntchito ya opaleshoni ya makutu, mphuno ndi mmero ku Queen Elizabeth mu 2007, ndipo kwa zaka zingapo adali yekha m'dziko lonse. Mu 2013 chipatala choyeza kumva chidatsegulidwa ku African Bible College ku Lilongwe, ndipo mu 2016 china chidatsegulidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa munthu wa ku Dowa, amene boma lake lili makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Lilongwe, zikuoneka ngati pafupi. Koma kafukufuku wa ku Thyolo wofalitsidwa mu 2017 akutichenjeza: pa ana 150 amene adauzidwa kuti akaonedwe makutu ku Blantyre, adapita 5 okha. Zifukwa zake zidali mtunda, ndalama ya ulendo, ndi kusamvetsa chimene akukachita kumeneko. Ngati zidatero ku Thyolo, pafupi ndi Blantyre, nanga kwa Kasakula, kuseri kwa nkhalango ya Ntchisi, m'nyengo ya dzinja misewu ikaterera?

ZIMENE MBIRI IKUPHUNZITSA

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi. M'dziko lonse adapeza kuti anthu 10 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi a amenewa ali ndi vuto la kumva. Ameneyu si munthu mmodzi wa apo ndi apo. Ndi agogo amene makutu akutha ndi ukalamba, ndi mwana wa mafinya, ndi mnyamata amene adachira matenda oumitsa khosi, ndi mayi wobadwa wogontha. Onsewa amadwala malungo, amathyoka miyendo, amatenga pakati, ndipo amadwala shuga monga wina aliyense.

Poyang'ana zaka zonse kuchokera 1889, tikuona kuti wogontha adayamba waonedwa ngati mzimu wovuta kuulalikira, kenaka ngati wovutika wofunika chifundo, ndipo posachedwapa ngati khutu lofunika kukonza. Kachipangizo kothandiza kumva nkabwino kwa amene kumva kudangochepa, malinga mabatire apezeke pa Mponela kapena pa Malomo. Koma kwa wogontha kwenikweni chosowa chake pachipatala ndi munthu wolankhula naye. Ku Dowa komweko kuli Dzaleka, kumene kale kudali ndende ya andale, ndipo kuyambira 1994 kwakhala msasa wa othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Palibe amene amatsutsa kuti wodwala wolankhula Chiswahili kapena Chirundi chokha afunika womasulira. Nanga bwanji mbadwa ya kwa Mkukula, imene chiyankhulo chake ndi cha manja, imayesedwa yovuta?

Zofunika kuchita sizonse zodula. Chipatala chitha kupereka manambala olembedwa pamzere m'malo moitana maina okha. Pa buku la wodwala patha kuikidwa chizindikiro, iye atavomera, kuti wa pawindo adziwe kumukodola. Pa thumba la mankhwala dzuwa lotuluka, dzuwa la paliwombo ndi mwezi zitha kujambulidwa momveka, wodwala nkuonetsa ndi manja kuti wamva. Foni ya m'manja imanyamula mau olembedwa ndi zithunzi zoyenda, motero womasulira wokhala ku Lilongwe atha kuthandiza namwino wa ku Khuwi ngati intaneti ilipo. Zodula ndi ziwiri, ndipo sizingazembedwe. Choyamba, chipatala cha paboma chikhale ndi womasulira wolembedwa ntchito ndi boma, wolumbira kusunga chinsinsi monga namwino. Chachiwiri, chiyankhulo cha manja chilowe m'maphunziro a anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo ngati phunziro lolemba mayeso, ndipo ophunzitsa akhale ogontha eniake. Maphunziro a sabata imodzi ku hotela amathera pa moni ndi zilembo za zala, ndipo wophunzirayo akasamutsidwa nzeru imapita naye. Kwa wodwala amene adakula ndi zizindikiro za pakhomo zokha, wothandiza wabwino ndi wogontha mnzake wophunzira, amene amatola msanga tanthauzo la manja achilendo. Ogontha tsono ayenera kulembedwa ntchito m'zipatala, asamangofikako ngati odwala.

Ife a pa sukulu ya ukachenjede tili ndi gawo lathu. A zamalamulo afunse chifukwa chake malamulo aakulu a dziko satchula chiyankhulo cha manja. A zaziyankhulo, amene adapatsidwa Chichewa Board mu 1972 ndi Centre for Language Studies mu 1996, akhale pansi ndi MANAD kuti mau a ululu, a uchembere ndi a kamwedwe ka mankhwala asonkhanitsidwe ndi kufalitsidwa. A zambiri yakale akumbuke kuti takhala tikunyadira mbiri ya pakamwa, tikuyenda ndi makina ojambulira mau kwa mafumu ndi nkhalamba, pamene ogontha achikulire a ku Kongwe ndi ku Chinthembwe, amene adaona kwinini, jakisoni wa chifuwa ndi zaka za Edzi, makina otero sangawajambule. Mbiri yawo ifuna kamera ndi womasulira, ndipo eni ake akukalamba. Tchuthi chikubwerachi ambiri a ife tikwera mabasi a ku Mponela, Madisi ndi Ntchisi. M'mudzi uliwonse muli munthu amene timangomugwedezera mutu podutsa. Tiyambe ndi kuphunzira dzina lake la manja, ndipo tikamufunse mmene adayendera ulendo wake womaliza wa kuchipatala.